M'mera Mpoyamba: Tisaiwale Nazale Pokolola

Ndikulemba ndili kuno kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, kumene timadzuka ndi kugona tikuyang'anizana ndi phiri la Michesi. Mwambi umene ndafuna kuti tiusinkhesinkhe lero ngodziwika kwa aliyense amene adapondako pabwalo la sukulu: m'mera mpoyamba. Ine mwini ndidaunena mwambi umenewu kosawerengeka, nditaima patsogolo pa ana pa mzere wa m'mawa, kamtengo kali m'khwapa. Ndinkayesa kuti ndikuudziwa bwino lomwe. Koma zimene zandichitikira miyezi yapitayi zandionetsa kuti zaka zonsezi ndidaugwira mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo ndidaiponda ndi mapazi anga. Chotero mundilole ndiyambe ndi nkhani ya oimba, pakuti ndi oimba amene anditsegula m'maso.

Patchuthi chapitachi kudabwera mdzukulu wanga amene akuphunzira ku sekondale mumzinda wa Blantyre. Monga mudziwa, ana a masiku ano foni siichoka m'manja. Tsiku lina madzulo, tili pakhonde kusenda nandolo, mnyamatayu adatsegula nyimbo za malemu Evison Matafale, nandifunsa mwamatama kuti, "Agogo, awa ndiye Ma Blacks, kodi mumawadziwa?" Ndidaseka, ndi kumuuza kuti kaseti ya nyimbo zimenezo ndidaigula bambo ake asadakwatire n'komwe. Kenaka ndidamutchera msampha wauphunzitsi. Ndidati, "Nanga amene ankaimba zida pa chimbale choyamba cha Matafale, chija chotchedwa Kuimba 1, adali ndani?" Iye adayankha msangamsanga kuti, "Si Ma Blacks omwewo, agogo?" Ndidati iyayi, lidali gulu lina, dzina lake Wailing Brothers. Mwanayo adandiyang'ana mokayika, nafufuza pa foni yake ija, ndipo posakhalitsa adangoti kukamwa yasa. Dzina limeneli adali asadalimvepo chibadwire.

Sindikumunena mdzukulu wangayu, chifukwa ambiri a ife tili chimodzimodzi. Gulu la Black Missionaries ndi lodziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Nyimbo zake mudzazimva mu minibasi, pachigayo ngakhale pa msika wa ku Migowi. Koma gulu limene lidalitsogolera ndi ochepa amene angalitchule. Tsono tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, tikaone kumene mtsinje umenewu udatumphukira.

Ku Chileka, m'boma la Blantyre, kuli mudzi wotchedwa Singano. Mudzi umenewu wapatsa dziko lino oimba ochuluka modabwitsa. Kumeneku ndi kwawo kwa Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, amene ubwana wawo adaudyera ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, ndipo adabwerako ndi chamba cha kwela, nyimbo za chitoliro zochokera ku South Africa. Zida zawo zidali zochepa: gitala, chitoliro, chisekese ndi besi ya chingwe chimodzi. Mu 1967 katswiri wa maphunziro a nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mumzinda wa Blantyre, najambula nyimbo zawo, ndipo kudzera mwa iye mbiri yawo idafika mpaka ku Ulaya. Daniel adamwalira mu 1987 ndipo Donald adatsatira mu 2001.

Ku Chileka komweko kudatulukanso Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, limene m'zaka za m'ma 1970 lidatisangalatsa pa wailesi ya MBC. Ife amene tidali aphunzitsi achinyamata nthawi imeneyo tinkayanika mabatire padzuwa kuti madzulo tisaphonye nyimbo zimenezo. Ana a Robert Fumulani, ndiwo Musamude, Anjiru ndi Chizondi, adakulira pakati pa magitala ndi ng'oma, ndipo akulu adanena kale kuti madzi saiwala khwawa.

M'zaka za m'ma 1990, anyamata a banja la Chokani, motsogozedwa ndi malemu Elias Chokani, adayambitsa gulu la Wailing Brothers, limene linkaimba chamba cha reggae chochokera ku Jamaica. Ndi gulu limeneli limene lidaimba ndi Evison Matafale pa chimbale cha Kuimba 1, chomwe chidatuluka mu 1999 ndi kugwedeza dziko lonse. Komatu ulendo wa pamodziwu sudatalike. Matafale adakhazikitsa Black Missionaries pamodzi ndi ana a Fumulani aja, ndipo chimbale cha Kuimba 2 chidatuluka mu 2001 pansi pa dzina latsopanoli. Takudziwani Chokani ndi gitala yake, komanso Paul Chokani ndi ng'oma zake, adapezeka akutumikira m'gulu latsopano lija, ndipo dzina la Wailing Brothers lidangoti zii.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Matafale adamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ali ndi zaka 32 zokha. Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Musamude Fumulani adatsogolera gululo kufikira imfa yake mu 2007, ndipo udindo udatsalira Anjiru. Zimbale za Kuimba zidapitirira kutuluka mpaka kupyola khumi, ndipo mwezi wa Novembala udasanduka nyengo imene khamu la anthu limasonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale. Mu 2016 abale a Chokani aja adachoka m'gulu la Black Missionaries nadzutsanso dzina la Wailing Brothers, ndi chimbale chimene adachitcha Unfinished Project, ndiko kunena kuti ntchito yosamalizidwa. Dzina la chimbalecho lokha likuchitira umboni kuti m'mitima mwawo mudatsala kanthu.

Nditamaliza kufotokoza zonsezi, mdzukulu wanga sadafune kugonja chabechabe. Adakhala chete akukanda foni yake, kenaka adati, "Agogo, zimenezi si za ku Chileka kokha ayi. Ngakhale Rolling Stones ya ku Mangalande idayamba ndi kagulu kena koimba blues, ndipo kadatha msanga." Apa mphunzitsi adasanduka wophunzira, pakuti kuphunzira sikutha. Tidawerenga limodzi mpaka nandolo adaiwalika m'lichero, ndipo zimene ndidaphunzira ndikugawireni.

Choyamba ndifotokoze za chamba chotchedwa blues. Izi ndi nyimbo zimene zidabadwa pakati pa zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa, m'minda ya thonje ya kummwera kwa dziko la America, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi. Ndi nyimbo za munthu wolema ndi ntchito, wosiyidwa ndi wokondedwa wake, wosowa pogwira. Mawu a munthu amaitana, gitala n'kuvomera, monga momwe amayi athu amachitira pamtondo, wina kutsogolera wina kupolokoza. Kubik yemwe uja adacheza ndi a Kachamba adalemba buku lotchedwa Africa and the Blues, lomwe lidatuluka mu 1999, m'mene adalondola mizu ya nyimbo zimenezi kuno ku Africa. Mmodzi mwa akatswiri a chambachi, Muddy Waters, adachoka ku Mississippi mu 1943 kupita ku Chicago, kumene adayamba kuimba ndi gitala yamagetsi, ndipo zimbale zake zidawoloka nyanja.

Tsono m'tauni ya Dartford, kufupi ndi London, mudali anyamata angapo a sukulu amene nyimbo zimenezi zidawalowerera. Adadzitcha Little Boy Blue and the Blue Boys. Pakati pawo padali Mick Jagger, mwana wa mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi, ndi mnzake Dick Taylor. Mu Okutobala 1961 Jagger adakumana ndi Keith Richards pa siteshoni ya sitima ya Dartford. Awiriwa adaphunzirako limodzi ku pulayimale, koma adali atatayana. Tsikulo Jagger adanyamula zimbale za Chuck Berry ndi Muddy Waters, ndipo zimbalezo ndizo zidayambitsa macheza. Richards adalowa m'kagulu kaja. Ankaphunzira kuimba m'nyumba za makolo awo, najambulako nyimbo zingapo pa tepi. Mu Epulo 1962 adakumana ndi mnyamata wina, Brian Jones, pamalo ena oimbira ku Ealing, ndipo pa 12 Julaye 1962 gulu latsopano lidaimba koyamba pa Marquee Club ku London, dzina lake litatengedwa ku nyimbo ina ya Muddy Waters. Pamenepo ndi pamene Blue Boys idathera, ndipo Rolling Stones idayambira.

Gulu la Rolling Stones lidakula kufikira kudzaza masitediyamu pa dziko lonse lapansi, ndipo lidatulutsanso chimbale chatsopano mu 2023, patapita zaka 61 chiyambire. Dick Taylor adachokamo chaka chomwecho cha 1962 kuti apitirize maphunziro a zojambulajambula, ndipo mu 1963 adayambitsa gulu lake lotchedwa Pretty Things. Anyamata ena a Blue Boys adatsata njira zina za moyo. Koma tepi ija, imene idajambulidwa ndi ana ongophunzira kumene, idagulitsidwa mu 1995 pa mtengo woposa mapaundi 50,000. Chinthu chimene makolo awo ankachimva ngati phokoso losowetsa mtendere chidasanduka chuma chosungidwa mosamala.

Mphepo ya Rolling Stones idaomba mpaka kwa anansi athu ku Zambia. Ku Kitwe, kumigodi ya kopa, kudali kagulu kotchedwa Kingston Market, kamene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kadasanduka gulu lotchuka la chamba cha rock lotchedwa WITCH. Woimba wake, Emmanuel Chanda, ankadumpha ndi kuvina ngati Jagger mwakuti anthu adamutcha Jagari. Gululo lidazilala, ndipo Chanda adagwirako ntchito ya uphunzitsi ngati ine. Koma pambuyo pake lidadzukanso, nkutulutsa chimbale chotchedwa Zango mu 2023. Dzina la WITCH lamveka ku Ulaya ndi ku America. Nanga la Kingston Market ndani akulitchula?

Nkhani zitatuzi, ya ku Chileka, ya ku Dartford ndi ya ku Kitwe, zidandikumbutsa ntchito imene ife alimi a kuno timaidziwa bwino, ndiyo ya nazale ya fodya. Mwezi wa Seputembala mlimi amatsikira kudambo kukakonza mabedi. Amaunjika mapesi pamwamba pake ndi kuwatentha kuti aphe tizilombo ndi njere za udzu. Njere za fodya nzazing'ono ngati fumbi, mwakuti amazisakaniza ndi madzi mu keni pofesa, kenaka n'kuphimba ndi udzu. Kuchokera pamenepo palibenso kupuma: kuthirira m'mawa, kuthirira madzulo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mvula ikagwa, mlimi amazula mbande ndi kukaziwokera kumunda. Nazale ija imatsala yokumbikakumbika, mbuzi n'kumadyamo, ndipo palibe amene amabwereranso kukaiona. Moyo wake wonse ndi miyezi iwiri kapena itatu.

Fodya akafika ku okushoni ku Limbe, wogula amayang'ana tsamba, mtundu wake ndi kulemera kwake. Safunsa za dambo limene mbande zidamera. Komabe mlimi aliyense amadziwa kuti amene walephera pa nazale walephera chaka chonse. Nazale siikhalitsa, koma sitinganene kuti yalephera. Kutha kwake ndiko kumaliza ntchito yake. Ndiponso si mbande zonse zimene zimawokeredwa: zina zimatsala pabedi, zina amapatsa mnansi n'kukakula m'munda wina. Umu ndi momwe ndidayambira kuwaona magulu oimba aja amene adatha msanga. M'menemo ndi mmene anyamata adaphunzirira kumanga zingwe, kumverana, kulakwitsa popanda wowaseka, ndi kudziwa amene angayende naye ulendo wautali.

Awerengi anga, zikadathera pamenepa bwenzi ndidagona tulo tabwino usiku umenewo. Koma nkhani ya nazale idandidzutsira mlandu wanga umene ndidaukwirira kalekale, ndipo ndaona kuti nkoyenera ndiulule.

Mu 1984 ndidali nditangopatsidwa kumene udindo wa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kuno kwathu. Nthawi imeneyo dera lino lidali pansi pa boma la Mulanje, pakuti Phalombe adakhala boma payekha mu 1998. Ndidali wachangu ndi wouma mtima, wofunitsitsa kuonetsa kuti amene adandikweza sadalakwitse. Maphunziro a pulayimale adali olipira, poti aulere adayamba mu 1994, ndipo makolo ankagulitsa nkhuku ndi mbuzi kuti apeze fizi. Malo a ku sekondale adali ochepa kwambiri, mwakuti mwana mmodzi akasankhidwa mudzi wonse unkalulutira. Kwa ine chinthu chilichonse chochotsa maso a mwana pa buku chidali mdani.

M'kalasi la Sitandade 8 chaka chimenecho mudali anyamata anayi amene adapanga kagulu koimba. Mmodzi wa iwo, wamfupi ndi wosalankhulalankhula, adali ndi manja aluso. Adatenga chigubu cha mafuta, nachiboola, nalowetsamo thabwa losemedwa bwino, ndipo zingwe adazisomola ku waya wa mabuleki a njinga: imeneyo idali banjo. Besi adaipanga ndi bokosi la tiyi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Wachitatu ankaimba ng'oma ya chikopa cha mbuzi, ndipo wachinayi ankagwedeza zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya. Akaweruka ankakhala pachulu kuseri kwa sukulu, ndipo ana aang'ono ankawazinga m'malo mokatunga madzi kapena kusesa. Posakhalitsa anayiwo adayamba kuchedwa ku maphunziro a masana obwereza zokonzekera mayeso.

Ndidawachenjeza kamodzi. Kachiwiri sindidalankhule zambiri. Ndidapita pachulu paja ndi kulanda zida zonse. M'mawa mwake, pa mzere, ndidakweza banjo ija m'mwamba kuti sukulu yonse iione, ndipo ndidati, "M'mera mpoyamba! Woyamba ndi buku adzatha ndi cholembera m'thumba, koma woyamba ndi chigubu adzatha akuimbira zidakwa pamowa kuti zimugawireko chipanda." Ana onse adafa nalo phwete. Mnyamata waluso uja sadalire. Adangozolika, maso ali pa zala za kumapazi kwake. Zida zija ndidazitsekera m'chipinda chosungiramo madesiki othyoka, momwe chiswe ndi makoswe zidamaliza ntchito imene ine ndidaiyamba. Kagulu kaja kadakhala ndi moyo matemu awiri okha.

Mmodzi mwa anayiwo adasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ine ndidachitenga chimenecho ngati umboni wakuti ndidachita bwino. Wina adakalowa ntchito m'minda ya tiyi, wina adalowera ku Joni. Koma wopanga banjo uja adasiya sukulu mayeso asadafike, ndipo ine ndidangolemba mzere pa dzina lake m'kaundula, osafunsa chifukwa chake.

Usiku umene tidacheza ndi mdzukulu wanga uja ndidangokhalira kutembenuka pamphasa. M'mawa ndidawafotokozera mayi a kunyumba zonse. Iwo adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Bambo, munthu mukumunenayo ali moyo, ndipo ndi amene amatsogolera kwaya pa mpingo wa kutsidya kuja. Zaka zonsezi mwakhala mukumulambalala. Pitani mukamuone miyendo ikadali kukuvomerani." Mawu amenewa adandilasa, chifukwa adali oona. Loweruka lotsatira ndidakwera kabaza ndi kupita.

Ndidamupeza akukonza khola la mbuzi, bambo wa imvi zake, wa zidzukulu zake. Atandiona adavula chipewa, nathamangira mpando. "Aphunzitsi, mwatiyendera lero? Kodi nkwabwino?" Titapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, ndidayamba nkhani yanga mozungulira, monga amachitira munthu wamanyazi, mpaka ndidafika pa banjo ija. Ndidati, "Bambo, ndabwera kudzapepesa. Ndidakulakwirani." Iye adaseka mpaka kugwira m'mimba, nati, "Ahedi, banjo imene ija inkalira ngati chule wa m'chithaphwi. Yachiwiri imene ndidapanga ndiyo idali banjo yeniyeni." Ndidaseka nawo, mtima utapepukako. Koma kenaka nkhope yake idasintha, ndipo adalankhula motsitsa mawu. "Chimene chidandipweteka si chigubu chija ayi, aphunzitsi. Kudali kuseka kwa anzanga. Kulikonse kumene ndinkadutsa ankanditcha woimbira zidakwa. Bambo anga atadwala, ndidapezerapo chifukwa chosabwereranso."

Ndidasowa chonena. Iye adapitiriza kundiuza kuti anayiwo sadaimbenso pamodzi, chifukwa makolo a enawo adamva zimene mphunzitsi wamkulu adanena pa mzere ndipo adawaletsa. Koma iye sadaleke. Adalowa kwaya, naphunzira kuwerenga manotsi, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuphunzitsa achinyamata kuimba. Ena mwa amene adadutsa m'manja mwake akuimba zida m'mipingo ndi m'maukwati ku Blantyre ndi ku Zomba. Ndidamufunsa dzina la kagulu kawo kaja, pakuti ine sindidafunsepo nthawi imeneyo. Adakanda m'mutu, naseka, nati ankasintha dzina pafupifupi sabata iliyonse, ndipo onse adawaiwala.

Ndisadatsazike, adalowa m'nyumba natuluka ndi gitala yakale. Adati, "Aphunzitsi, mudatilanda zida musadamve ngakhale nyimbo imodzi. Lero mumve." Ndipo adaimba nyimbo imene adaipeka pachulu paja ali ndi zaka 15. Idali yonena za mayi wosenza nandolo pamutu kupita kumsika mbandakucha, kuti akapeze fizi ya mwana wake, ndi za mwanayo akulonjeza kuti sadzawachititsa manyazi mayi akewo. Awerengi anga, ana amene ndidawatenga ngati adani a sukulu ankaimba za sukulu. Ndidaimva nyimboyo nditachedwa ndi zaka zoposa 40, ndipo sindichita manyazi kunena kuti misozi idandilengeza m'maso.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti anyamata anayi aja akadakhala Black Missionaries kapena Rolling Stones ndikadapanda kuwasokoneza. Mbande zambiri zimathera pabedi, ndipo oimba ambiri a dziko lino adafa ali amphawi. Sindikunenanso kuti mphunzitsi asamadzudzule mwana wojomba ku maphunziro. Nkhawa yanga pa mayeso idali yoona, ndipo thukuta la makolo lidali loona. Kulakwa kwanga kudali pawiri: ndidaweruza ndisadamve, ndipo ndidachititsa mwana manyazi pagulu. Ndikadatha kuwauza kuti aziimba Lachisanu akaweruka, malinga afike pa nthawi yake masiku enawo. Ndikadatha kuwaimiritsa patsogolo pa makolo tsiku lotsekera sukulu. Akulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Ine ndidaithyola nyangayo ndisadaone n'komwe ngati idali ya nsatsi kapena ya mlombwa.

Tsono tibwerere ku mwambi wathu. Tikati m'mera mpoyamba, kawirikawiri timatanthauza kuti mwana awongoledwe akadali wamng'ono, pakuti mtengo ukakula mokhota suwongokanso. Tanthauzo limeneli nloona, ndipo sindikulitaya. Koma mwambiwu sukulankhula kwa mmera wokha ayi. Ukulankhulanso kwa mlimi. Ukumuuza kuti chinthu chikangomera kumene chimakhala chanthete, chosaoneka bwino, chovuta kuchisiyanitsa ndi udzu, ndipo nthawi imeneyo ndi imene phazi limodzi losasamala lingathe kuchipha. Mlimi wanzeru amayamba wawerama ndi kuyang'anitsitsa asadazule. Ine ndidaugwiritsa ntchito mwambiwu ngati chikwapu, pamene udayenera kukhala chenjezo kwa ine mwini.

Palinso mwambo wina wa makolo athu umene ukugwirizana ndi nkhaniyi. Pothira nsembe patsinde pa mtengo wa mpoza, mkulu wotsogolera sankatchula wakufa wa dzulo yekha, kapena wotchuka yekha. Ankayambira kutali, kutchula mayina a makolo mmodzimmodzi monga momwe ankawakumbukirira, ndipo pomaliza ankapepesa kwa onse amene mayina awo adaiwalika, kuti nawonso alandireko. Makolo athu ankadziwa kuti mbumba siiyamba ndi munthu amene dzina lake lamveka. Ngakhale ambiri a ife lero tili m'mipingo ndipo nsembe zotere tidazisiya, nzeru yake isatayike: poyamika chokolola, titchuleko ndi dambo limene mbande zidamera.

Chotero pempho langa nali. Inu okonda nyimbo, mukamavina za Ma Blacks, auzeniko ana anu kuti kudali Wailing Brothers, kudali Likhubula River, kudali a Kachamba ndi besi yawo ya chingwe chimodzi. Inu aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, ndi inu makolo, mukamva phokoso la zigubu kuseri kwa nyumba, musathamangire ndodo. Pitani, khalani pansi, mumve nyimbo imodzi mpaka kumapeto, kenaka muweruze. Ndipo inu okalamba anzanga amene muli ndi banjo yanuyanu imene mudalanda mwana wa mwini, kaya idali ya mtundu wanji, musadikire zaka 40 monga ndidachitira ine. Si onse amene adzapeze mwini wake akadali moyo.

Mdzukulu wanga uja adabwerera ku Blantyre, ndipo wandiuza pa foni kuti iye ndi anzake awiri ayamba kuphunzira gitala. Ndamuuza mawu awiri: kuti mayeso asawaiwale, ndi kuti patchuthi chikudzachi abwere nayo gitalayo, ine ndidzakhala pakhonde kumvetsera. Ndamuuzanso kuti dzina la kagulu kawoko alilembe penapake.

Kwa lero ndalekera pomwepa. Mutsale ndi mtendere, ndipo tidzakumanenso pa mwambi wina.